Mabuku a Amalinyero M'dziko la Fodya

Dera la Mfumu Kaomba m'boma la Kasungu ndi chidikha cha fodya. Munthu akaima patsinde pa phiri la Kasungu nayang'ana uku ndi uku amaona minda, zigafa ndi mitengo ya bulugama, ndipo madzi ochuluka amene angawaone ndi a m'madambo m'nyengo ya dzinja basi. Nyanja ili kutali, kuseri kwa nkhalango ya Nkhotakota. Komabe ana ambiri a m'derali amene adalowa sukulu za sekondale ndi zauphunzitsi zaka zapitazo adakula akuwerenga za amalinyero, anamondwe ndi zilumba, m'timabuku tachingerezi chofewetsedwa timene tinkapezeka m'makabati a sukulu. Mwana woti sadakwerepo ndi bwato lomwe ankadziwa dzina la chombo cha Jim Hawkins.

Lero ambiri mwa mabuku amenewa ali pakamwa pa chiswe. Ena adathera kumsika kukulungira zitumbuwa, ena adapichiridwa fodya wa chingambwe. Pali anthu ophunzira bwino amene sadandaula nazo, ndipo chifukwa chawo si chopepuka. Iwo amati mabukuwa adalembedwa ndi azungu, kulembera azungu anzawo, pa nthawi imene maiko awo ankalanda maiko a eni. Amati munthu wakuda ndi munthu wa ku Asia amaoneka m'menemo ngati katundu wa m'chombo chabe. Mlandu umenewu uyenera kuzengedwa modekha, pakuti buku likadyedwa ndi chiswe silibweranso kudzadziyankhira.

Pa Robinson Crusoe, buku la Daniel Defoe la mu 1719, odandaulawo salakwitsa. Ana amakumbukira munthu wolimba mtima amene adakhala zaka 28 pachilumba, akuweta mbuzi, kulima ndi kuumba miphika. Chimene timabuku tofewetsedwa tija tinkachilambalala n'chakuti chombo chake chidasweka ali pa ulendo wochokera ku Brazil kupita kugombe la Afrika kukagula akapolo. Asanafike apo n'kuti atagulitsa kale Xury, mnyamata amene adathawa naye ukapolo, kwa kaputeni wa Chipwitikizi. Ndipo atapulumutsa munthu pachilumba chija sadamufunse dzina lake: adangomutcha Friday, namuphunzitsa kuti azimutchula iye kuti mbuye. Luso la Defoe pofotokoza tinthu ting'onoting'ono, monga m'mene munthu angasemere thabwa popanda sowo, ndi lalikulu ndithu, koma ndi luso lomweli limene limagoneka wowerenga tulo kuti asafunse za Xury. Treasure Island, buku la Robert Louis Stevenson la mu 1883, lilibe kulemera kotere. Ndi nthano yothamanga, yokoma, ndipo mphamvu yake yonse ili mwa Long John Silver, chigawenga cha mwendo umodzi chimene wowerenga amalephera kuchida ngakhale akudziwa kuti n'chakupha.

Buku loyenera kuliunika mofatsa ndi Lord Jim la Joseph Conrad, lomwe lidatuluka mu 1900, chifukwa m'menemo nkhani ya panyanja ndi nkhani ya Asia zidalukidwa pamodzi. Conrad adali Mpolishi amene adagwira ntchito ya umalinyero zaka pafupifupi 20, ndipo adayendako kuzilumba za Amalaya asanayambe kulemba m'Chingerezi, chiyankhulo chimene adachiphunzira atakula kale.

Tsatanetsatane wa nkhani ndi wotere. Jim, mwana wa m'busa, adakula akuwerenga nthano za panyanja, nadziona m'maganizo ngati ngwazi yopulumutsa anthu. Adapeza ntchito yaudindo m'sitima yokalamba yotchedwa Patna, imene idanyamula Asilamu 800 opita ku Mecca. Usiku wina, nyanja ili bata, sitimayo idagunda chinthu chobisika m'madzi. Jim adatsikira pansi naona khoma lachitsulo ladzimbiri litapindika, madzi akulikankha. Mabwato opulumukira adali 7 okha. Kaputeni ndi anzake adatsitsa bwato limodzi mwakachetechete, apaulendo ali mtulo. Jim adakana kuwathandiza, adaima payekha akuwanyoza mumtima. Koma pa mphindi yomaliza adapezeka atadumphira m'bwato lomwelo. Sitimayo siidamire. Sitima yankhondo ya Afalansa idaipeza niikokera ku Aden, ndipo Jim yekha ndiye adaima pabwalo la milandu, anzake atazemba.

Apa ndi pamene Conrad akupambana alembi ena onse a nthano za amalinyero. Iye watenga mnyamata woleredwa ndi mabuku onga Treasure Island, namuika pamalo pamene mabukuwo sangamuthandize. Zigawenga palibe, mdani wooneka palibe. Pali mantha okha. Mlembi saonetsa kudumphako pamene kukuchitika. Wowerenga amamva kwa Jim mwini, pambuyo pake, akusimbira Marlow mokhala ngati zidachitikira munthu wina. Marlow nayenso amasimba mobwerezabwereza, kutola pano ndi apo zimene adamva kwa anthu osiyanasiyana, monga momwe mkulu wa pabwalo amafunsira mboni imodzimodzi asanagamule. Ophunzira ambiri amatopa ndi kafotokozedwe kameneka, ndipo n'zoona kuti pena Marlow amatalikitsa nkhani mpaka womvera kuiwala kumene idayambira. Koma kuzungulirako kuli ndi ntchito yake: funso lakuti Jim ndi wamantha kapena ndi munthu wamba amene tsoka lidamupeza asanakonzeke silingayankhidwe ndi mboni imodzi. Ngakhale Kaputeni Brierly, mmodzi wa oweruza mlanduwo, munthu wa mbiri yopanda banga, adadziponya m'nyanja patangopita masiku ochepa, ngati kuti pozenga Jim adadzizenga yekha.

Mlimi wa kwa Kaomba sasowa womumasulira nkhani yotere. Kapitawo wothawa antchito pamene zinthu zavuta, mkulu wa kalabu ya alimi wosowa ndi ndalama za anzake fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma, manyazi a munthu amene mudzi wonse ukudziwa chimene adachita: zonsezi n'zapafupi. Jim adathawa manyazi ake doko ndi doko, kulowera kum'mawa, mpaka adakabisala ku Patusan, dziko lopeka la pakati pa Amalaya.

Tsono apa ndi pamene bukuli lili ndi chilema. Anthu 800 aja alibe ngakhale mmodzi wotchulidwa dzina. Akulowa m'sitima ngati madzi olowa m'ngalande, akugona, akupulumuka. Mlandu wonse ukukhudza ulemu wa mzungu pakati pa azungu anzake, osati miyoyo ya amayi ndi ana amene adasiyidwa panyanja. Amalaya awiri ogwira chiwongolero adakhalabe pantchito yawo mabwana atathawa, ndipo Conrad adawapatsa ndime zochepa zokha, ngakhale kuti ndi iwo amene adachita chimene Jim ankalota. Ku Patusan nako, anthu a Doramin akuoneka ngati sangathe kukonza zawo popanda mlendo wa khungu loyera. Brown, chigawenga chachizungu, atafika, Jim adamulola kuchoka mwamtendere chifukwa adaona mwa iye chithunzi cha kugwa kwake komwe. Malipiro a chifundo chimenecho adali moyo wa Dain Waris, mwana wa Doramin. Jim adapita yekha kwa bambo wofedwayo nalandira chipolopolo pachifuwa. Wowerenga amasiyidwa akulira Jim, pamene maliro enieni ali m'nyumba ya Doramin. Chinua Achebe adadzudzula Conrad mu 1975 chifukwa cha m'mene adaonetsera Aafirika m'buku lake lina, Heart of Darkness, ndipo mbali ina ya chidzudzulo chimenecho ikukwanira bwino pa Lord Jim.

Chilema chimenechi chimaoneka bwino koposa chifukwa zolembedwa zina za nthawiyo zidasungidwa. Nkhani ya Patna idachokera pa zimene zidachitikadi. Mu Julayi 1880 sitima yotchedwa Jeddah idanyamuka ku Singapore, nidzera ku Penang, itanyamula Asilamu oposa 900. Mu Ogasiti idayamba kulowa madzi pafupi ndi nyanga ya Afrika, ndipo Kaputeni Clark, mkazi wake ndi ena audindo adathawa pabwato, nakanena ku Aden kuti sitima yamira ndi anthu onse. Tsiku lotsatira sitima ya Antenor idafika padoko lomwelo ikukoka Jeddah. Zolembedwa za bwalo lofufuza zimaonetsa kuti apaulendowo sadangogona monga a m'buku la Conrad: adathandizana ndi amalinyero otsala kukapa madzi kuti sitima isamire. Popanda mapepala a bwalo lija ndi manyuzipepala a chaka chimenecho, palibe akadadziwa chimene mlembi adachotsa. Momwemonso akatswiri adapeza kuti zambiri za miyambo ndi malo a ku Patusan Conrad adazitapa m'mabuku a ena, makamaka The Malay Archipelago la Alfred Russel Wallace la mu 1869. Wofuna kutsutsa Conrad asowa Conrad yemweyo pathebulo, pamodzi ndi mabuku amene iye adawerenga. Kutaya buku chifukwa lili ndi tsankho n'kuwotcha umboni mlandu usanathe.

Chofunika kwambiri n'kuika pambali pake mawu a eni dziko. Amalaya adali ndi alembi awo. Mmodzi wa iwo ndi Abdullah bin Abdul Kadir wa ku Malacca, mphunzitsi wa chiyankhulo, amene mbiri ya moyo wake, Hikayat Abdullah, idasindikizidwa mu 1849. Iye adaona ndi maso ake zaka zoyambirira za mzinda wa Singapore, adayamika azungu pena, nadzudzula mafumu a kwawo mopanda mantha, ndipo adamwalira ku Arabia mu 1854 ali pa ulendo wa Haji, womwewo umene anthu opanda maina a mu Patna ankayenda. Ali mnyamata adagwira ntchito yokopera mabuku kwa Stamford Raffles, amene ankagula ndi kusonkhanitsa zolembedwa pamanja za Chimalaya. Mu Febuluwale 1824 Raffles adapakira chuma chimenechi m'sitima yotchedwa Fame kuti apite nacho ku England. Sitimayo idagwira moto usiku woyamba itangochoka ku Bencoolen pachilumba cha Sumatra. Anthu onse adapulumuka, koma mabokosi onse adapsa. Abdullah adalemba za chisoni chake pa mabuku amenewo, podziwa kuti ambiri mwa iwo sadasiye anzawo kumudzi. Wosonkhanitsa adali ndi cholinga chosunga, koma poika mazira onse m'dengu limodzi n'kuchoka nalo kwa eni ake, adathandiza kuwononga.

Pali buku lina lakale kwambiri limene wowerenga wa kuno angalikonde kuposa nthano za Sinbad. Ndi la Chiarabu, la m'zaka za m'ma 900, lotchedwa Zodabwitsa za India, ndipo kwa nthawi yaitali lakhala likutchulidwa ndi dzina la kaputeni wa ku Persia, Buzurg ibn Shahriyar. Muli nkhani zimene amalinyero a ku Siraf, Oman ndi Basra ankasimbirana za India, China ndi gombe la Afrika. Zina n'zabodza lamkunkhuniza, za nsomba zazikulu ngati mapiri, zina n'zoona. Imodzi ikunena za amalonda a ku Oman amene mphepo idawakankhira kugombe la kufupi ndi Sofala cha m'ma 922. Mfumu ya kumeneko idawalandira bwino, niwalola kuchita malonda. Tsiku lonyamuka mfumuyo idakwera m'chombo kudzatsazikana nawo, ndipo kaputeni, atawerengera mtengo wake mumtima, adadula zingwe nakaigulitsa ku Oman. Patapita zaka mphepo idawabwezeranso pagombe lomwelo, napeza mfumu yomweyo ili pampando. Idawasimbira m'mene idagulitsidwira ku Basra ndi ku Baghdad, m'mene idaphunzirira Chisilamu, kuthawira ku Mecca ndi ku Cairo, ndi kutsata mtsinje wa Nile mpaka kufika kwawo. Idawakhululukira, nichita nawo malonda kachiwiri, koma pa tsiku lotsazikana idakana kupondanso m'chombo chawo. M'nkhani imeneyi, yakale kuposa Crusoe ndi zaka pafupifupi 800, Mwafirika ndiye mwini nzeru ndi ulemu, ndipo wosimba nkhani ndiye wochita manyazi. Bukuli lidafika m'manja mwa anthu a makono kudzera m'kope lolembedwa pamanja limene lidasungidwa ku Istanbul, mpaka lidasindikizidwa ku Leiden m'zaka za m'ma 1880.

Wina angaganize kuti zonsezi n'zakutali ndi Kasungu, koma sizili choncho. Njira ya minyanga ya njovu ndi akapolo inkadutsa m'dziko la Mwase kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota, kumene zombo za matanga zinkaolotsa katundu kuti akafike ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Nsalu ndi mikanda zobwera pa njira yomweyo zina zinkachokera ku India. David Livingstone adatsata njira imeneyi mu 1863 nafika kwa Mwase. Chaka chotsatira adachita ulendo woposa nthano zambiri zopeka. Sitima yake yaing'ono, Lady Nyassa, imene idapangidwira nyanja ya Malawi koma idalephera kufikako chifukwa cha mathithi a mu Shire, adaiyendetsa yekha kuchoka ku Zanzibar pa 30 Epulo 1864 mpaka kufika ku Bombay pa 13 Juni, mtunda wa mamailosi pafupifupi 2,500, makala ali ochepa, nthawi zambiri akudalira matanga. Ambiri mwa amalinyero ake adali amuna a ku Zambezi amene adali asanaolokepo nyanja yamchere, ndipo mudalinso anyamata awiri, Chuma ndi Wikatani, amene adaomboledwa mu ukapolo kumapiri a Shire mu 1861. Anyamatawa adatsala pasukulu ku Bombay. Chimene Chuma adaona m'misewu ya mzinda umenewo, chimene adamva m'mtima masiku 45 aja pakati pa madzi, sichidalembedwe ndi dzanja lake. Ulendowo umadziwika kudzera m'cholembera cha Livingstone. Koma Jacob Wainwright, Myao amene adaphunzira ku Nasik m'dziko la India, adalemba yekha za ulendo wonyamula mtembo wa Livingstone kuchoka kwa Chitambo mu 1873, ndipo zolemba zakezo zidaikidwa pa intaneti mu 2019 kuti aliyense aziwerenge. Kusiyana kwa Chuma ndi Wainwright pamaso pa mbiri ndi mapepala ochepa amene wina adawasamala.

Amwenye amene adachita malonda m'maboma ngati Kasungu kufikira pamene boma lidawasamutsira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970 nawonso ndi gawo la nkhani ya Asia m'dziko lino. Floyd ndi Lillian Dotson adalemba za iwo mu 1968, koma makalata awo ndi mabuku awo a ngongole, momwe mudalembedwa maina a alimi, mitengo ya mchere ndi ya nsalu, akadasimba zambiri za moyo wa kumudzi kuposa malipoti a abwanamkubwa.

Malawi akudziwa kale kuwawa kwa moto wa mtundu wa Fame. Mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu idapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Nyumba yosungira zolembedwa zakale ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre zimasunga zimene zingathe, koma sizingafike m'kabati iliyonse ya kumudzi, kumene mdani si moto koma chiswe, makoswe ndi denga lodontha. N'zoona kuti mabuku a Defoe, Stevenson, Conrad ndi Wallace akupezeka mwaulere pa intaneti kudzera m'ntchito monga Project Gutenberg, imene Michael Hart adaiyamba mu 1971, kotero mabuku amenewa sangafe ngakhale kope la pasukulu litadyedwa. Izi zikusintha funso lonse. Choyamba kupulumutsidwa m'kabati si Treasure Island ayi, koma kabuku ka Chinyanja kosindikizidwa kamodzi kokha pamishoni, kope la mphunzitsi wakale, kalata ya wamalonda. Zimenezi zilibe anzake kwina. Komanso mwana wopanda foni ndi magetsi sapindula ndi buku la mumlengalenga, motero kope lapepala la Lord Jim likadali ndi ntchito yake pashelefu.

Chodandaulitsa n'chakuti dziko la nyanja yaikulu chotere silidabale nthano zambiri za pamadzi. Zipangizo zilipo. Sitima ya Ilala idalowa m'nyanja mu 1875. Mu Ogasiti 1914 Guendolen idaombera Hermann von Wissmann ya Majeremani ili pagombe. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idagubuduzika ndi mphepo ya mwera kumpoto kwa nyanja, nimiza anthu 145, ambiri a iwo Aafirika okwera m'chipinda chapansi. Mafunso a udindo wa kaputeni amene adazunza Conrad ali momwemo onse. Steve Chimombo adagwiritsa ntchito ngozi yotere m'buku lake lachingerezi The Wrath of Napolo la mu 2000. Wolemba m'Chichewa amene adzafune kusimba za Vipya adzapeza kwa Conrad njira yofunsira mboni zosemphana ndi yoonetsera mantha a munthu waudindo, ndipo kwa Abdullah ndi Wainwright adzapeza malo oimapo, omwe ndi m'chipinda chapansi, pakati pa apaulendo, kumene aliyense ali ndi dzina ndi mudzi wochokera.